Amisiri a lesi a ku Nottingham amene anasowera ku Calais

M'mabuku a matchalitchi a ku Radford, Sneinton, Basford ndi Lenton, madera ozungulira mzinda wa Nottingham ku England, muli mabanja ambiri amene amaoneka bwinobwino mpaka cha m'ma 1820 kenako n'kungozimirira. Ukwati ulipo, ubatizo wa mwana woyamba ulipo, koma za maliro palibe. Ngati mukufufuza mbiri ya banja lotere, ndipo bambo wa banjalo analembedwa kuti lace maker (woluka lesi, nsalu yopyapyala yokongoletsera zovala) kapena twist hand (woyendetsa makina a lesi), musathamangire kumanda. Kamufuneni kutsidya la nyanja, ku Calais m'dziko la France.

Nkhani yake inayamba ndi makina. Mu 1809 John Heathcoat analembetsa makina oluka nsalu yopyapyala yonga ukonde, ndipo mu 1813 John Levers anapanga ku Nottingham mtundu wina umene unadzakhala msana wa ntchito yonse ya lesi. Boma la Britain linkaletsa kutulutsa makina otere kunja, ngakhalenso amisiri ake sankaloledwa kusamuka. Koma ku France nsaluyi inkafunika kwambiri pamene ya ku England sinkaloledwa kulowa momasuka, choncho phindu linali kwa amene angailukire komweko. Mu 1816 Robert Webster ndi anzake, James Clark ndi Richard Bonnington, anazembetsa makina kupita nawo ku Calais. Ankachita kuwaphwasula, zitsulo n'kuwoloka padera padera, kenako n'kukawalumikizanso atafika. Lamulo loletsa amisiri linachotsedwa mu 1824, la makina mu 1843, koma pofika nthawi imeneyo Angerezi anali atadzaza kale kumeneko.

Apa pali msampha woyamba, ndipo umagwira ambiri. Makina ankachita phokoso usiku wonse mkati mwa mpanda wa mzinda wakale wa Calais, ndiye ntchito inasamukira kunja, ku Saint-Pierre-lès-Calais. Malo awiriwa anali ndi maofesi osiyana ndi mabuku osiyana mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1885. Munthu amene wafufuza mabuku a Calais okha n'kupeza kuti mulibe kanthu, sanafufuze n'komwe.

Mabuku a boma la France ndi amene ali ndi chuma chenicheni. Kuyambira mu 1792 mwana aliyense wobadwira m'dzikomo, kaya makolo ake ndi alendo, ankalembetsedwa ku ofesi ya meya pasanathe masiku atatu. Chikalata chimodzi chimatchula dzina la bambo, zaka zake, ntchito yake, dzina la kwawo la mayi, ndi mboni ziwiri pamodzi ndi zaka ndi ntchito zawo. Mbonizo musazidumphe: kawirikawiri amakhala alamu, achimwene kapena anzake a pamakina ochokera mudzi umodzi ku England, ndipo ndiwo amatsegula njira yobwerera kwawo. Mabukuwa akupezeka pa intaneti kudzera ku Archives départementales du Pas-de-Calais, ofesi yosunga zolemba zakale za chigawo chimene muli Calais. Yambani ndi tables décennales, mindandanda ya maina ya zaka khumi khumi, lembani tsiku, kenako tsegulani buku la chaka chimenecho. Onaninso mindandanda ya kalembera, amene ankachitika zaka zisanu zilizonse ndipo amaonetsa banja lonse m'nyumba imodzi.

Alembi a ku France ankalemba zimene amva. William amasanduka Guillaume, John amakhala Jean, James amakhala Jacques, ndipo dzina la bambo limatha kulembedwa mosiyana pa mwana aliyense. Mkazi amalembedwa ndi dzina la kwawo mpaka imfa, osati la mwamuna. Pa ntchito yang'anani mawu achifalansa otchula ogwira ntchito ya lesi ndi makina ake, monga tulliste, ouvrier en tulle, fabricant de tulle kapena mécanicien. Pamene kalembedwe kakukayikitsa, siginecha ya bambo pansi pa chikalata ndiyo imaulula mmene iye mwini ankalembera dzina lake.

Ukwati ukasowa ku Saint-Pierre ndi ku Nottingham komwe, yesani ku Dover. Ambiri ankakwera sitima kuwoloka kukamangitsa ukwati pa tchalitchi cha St Mary kumeneko n'kubwerera kuntchito.

Kumbali ya England, kalembera wa 1841 sathandiza kwenikweni. Zaka za akuluakulu ankazitsitsa kufika pa chiwerengero chothera ndi 5 kapena 0, ndipo wobadwira kunja ankangomuika chilembo F. Wa 1851 ndi amene amanena malo obadwira. Mukaona banja la ku Radford limene ana apakati analembedwa kuti anabadwira ku France pamene woyamba ndi wotsiriza ndi a ku Nottingham, mwapeza zaka zimene linakhala kunja. Mabanjawa ankapita ndi kubwerera malinga ndi kumene malonda akuyenda, kotero ulendo umodzi sufotokoza zonse.

Chaka cha 1848 chinamwaza anthuwa. Mu February ufumu wa Louis-Philippe, mfumu ya France, unagwa, malonda anaima, mafakitale anatsekedwa, ndipo antchito achilendo sankaonedwanso ndi diso labwino. Kubwerera ku Nottingham kunalibe phindu chifukwa nakonso kunali njala ya ntchito, ndipo chimene chinkawadikira ndi nyumba za boma zosungiramo amphawi. Amisiriwo anapempha boma la Britain kuti liwatumize ku Australia. Anthu mazana angapo, makolo ndi ana, ananyamuka pa sitima zitatu: Fairlie ndi Agincourt zinapita ku Sydney, Harpley inapita ku Adelaide. Kumeneko kunalibe makina a lesi. Anthu amene zala zawo zinazolowera ulusi woonda ngati tsitsi anatumizidwa kumadera monga Bathurst, Goulburn ndi Maitland kukagwira ntchito za kumunda, za ubusa ndi za m'nyumba. N'chifukwa chake zikalata za ku Australia kawirikawiri sizitchula lesi n'komwe, ndipo zidzukulu zambiri zinakula zikumva zoti agogo anali Mfalansa. Mindandanda ya olowa m'dziko yosungidwa ku New South Wales imatchula zaka, malo obadwira ndi chipembedzo, ndipo manyuzipepala akale a pa Trove, tsamba la pa intaneti losunga zolemba za ku Australia, analemba za kufika kwa sitimazi. Ntchito yaikulu yolumikiza mabanjawa inagwiridwa ndi bungwe la Australian Society of the Lacemakers of Calais.

Si onse anachoka. Ena anatsala, anakwatirana ndi eni dziko, ndipo maina achingerezi akadalipo ku Calais. Ena anali ku Lille, Saint-Quentin, Caudry ndi Rouen, ndipo m'badwo wina wapambuyo unapita ku America, ku Rhode Island ndi ku Zion m'chigawo cha Illinois.

Musanayambe zonsezi tsimikizani mtundu wa lesi. Ku Bedfordshire, Buckinghamshire ndi ku Honiton m'dera la Devon, mayi wolembedwa kuti lace maker ankaluka ndi manja papilo ali pakhomo pake, ndipo ameneyo sanali wa gulu la ku Calais. Opita kunja anali amuna a makina olemera ochokera ku Nottinghamshire, Derbyshire ndi Leicestershire, pamodzi ndi akazi ndi ana awo amene ankakulunga ulusi, kusoka pong'ambika ndi kudula timaulusi totsalira.