Lekani kumata dzina la Ibn Sina pa mabotolo otsuka m'mimba

Ndatopa nawo mawu akuti "vuto lililonse la m'mimba ndi nyansi zounjikana, tsukani basi." Amawanena anyamata ogulitsa mabotolo m'madepoti a basi, amawanenanso a pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo tsopano ena ayamba kuwonjezera kuti mankhwala awowo ndi nzeru za madokotala akale a m'maiko achisilamu, makamaka Ibn Sina. Ntchito yanga ndi yoona odwala m'mimba, ndipo akuluakulu amenewo ndimawalemekeza kwambiri. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona mayina awo akugwiritsidwa ntchito pochedwetsa anthu kubwera kuchipatala.

N'zoona kuti ankapereka mankhwala otsegula m'mimba ndi osanzitsa. Maphunziro awo anachokera kwa Galen, dokotala wachigiriki amene mabuku ake anamasuliridwa m'Chiarabu ku Baghdad ndi Hunayn ibn Ishaq ndi anzake m'zaka za m'ma 800. Galen ankaphunzitsa kuti m'thupi muli timadzi ta mitundu inayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo munthu amadwala kamodzi kakachuluka. Chiphunzitso chimenechi chinagwa kalekale. Chimene sichinagwe ndi diso la madokotala achisilamu aja poona wodwala. Al-Razi, wobadwira ku Rayy pafupi ndi Tehran, amene anayang'anira zipatala ku Rayy ndi ku Baghdad ndipo anamwalira m'chaka cha 925, analemba buku lapadera la matenda amene ankawatcha qulanj, kupweteka koopsa kwa m'matumbo komwe munthu amakanika kuchita chimbudzi. Ibn Sina, m'buku lake la al-Qanun fi al-Tibb lomwe analimaliza mu 1025, analimbikira kusiyanitsa ululu wa m'matumbo aakulu ndi ululu wa mwala wa mu impso, ndi kusiyanitsanso ziwirizi ndi kutsekeka kwa matumbo aang'ono kumene munthu amafika posanza zonunkha ngati chimbudzi. Anthu amenewa ankafunsa kuti kukupweteka pati, kunayamba liti, mkodzo ukuoneka bwanji. Wa botolo uja sakufunsani kalikonse kupatula ndalama.

Nkhani imene sindiiwala ndi ya imfa ya Ibn Sina yemweyo. Anailemba ndi wophunzira wake, al-Juzjani, amene anakhala naye zaka zambiri. Ibn Sina ankawadziwa bwino matenda a qulanj: anachiritsapo mfumu ya ku Hamadan, Shams al-Dawla, ya matenda omwewa, mpaka mfumuyo inamupatsa udindo wa nduna. Patapita zaka, ali pa ulendo wa nkhondo ndi mfumu ina, Ala al-Dawla, matendawa anamugwira iyeyo. Poopa kutsalira m'mbuyo asilikali akamasamuka, anafuna kuchira msangamsanga, ndiye anadzipopera mankhwala otsuka matumbo kudzera ku njira ya chimbudzi maulendo 8 tsiku limodzi. Matumbo anachita zilonda. Sanagone kuti apume, anapitirira ndi ulendo. Kenaka analamula kuti m'mankhwalamo athiremo njere za chomera chotchedwa celery pang'ono zoti zichotse mpweya, koma dokotala wina amene ankamuthandiza anathira zochuluka kuposa muyezo, zilonda zija n'kukula. Antchito ake nawonso anamuchulutsira opium, mankhwala amphamvu opha ululu ndi ogonetsa, m'mankhwala ena akumwa. Ankapezako bwino, n'kudwalanso, mpaka anamwalira ku Hamadan m'chaka cha 1037, ali ndi zaka pafupifupi 57.

Taganizani bwino. Munthu amene buku lake linaphunzitsidwa m'masukulu a udokotala ku Ulaya kwa zaka mazanamazana anavulaza matumbo ake ndi kutsuka kopitirira muyezo, chifukwa cha changu. Iye ankadziwa dzina ndi kulemera kwa chilichonse chimene chinali m'mankhwala ake, komabe muyezo unasokonekera. Nanga inu amene mukumwa kapu yodzaza ya madzi amene ngakhale wogulitsayo sadziwa mphamvu yake?

Akamberembere analiponso nthawi imeneyo, ndipo al-Razi sanawanyengerere. M'buku lake la al-Mansuri anafotokoza chinyengo chawo: kubisa kanthu m'manja n'kunamizira kuti akutulutsa nyongolotsi m'khutu kapena m'dzino la wodwala, ena mpaka buluzi m'mphuno. Analembanso za chifukwa chimene anthu ambiri amathawira dokotala wodziwa ntchito n'kupita kwa wonyenga. Zaka zoposa 1,000 zadutsa, koma wodwala akamandiuza kuti "anandichotsa chinthu m'mimba, ndinachiona ndi maso anga," ndimadziwa kuti malonda aja sanathe.

Pali zinthu zimene akuluakulu aja sakanatha kuchita, ndipo zimenezo ndi zomwe zikupulumutsa anthu lero. Al-Zahrawi wa ku Cordoba, amene anamwalira cha m'ma 1013, anafotokoza kasokedwe ka matumbo a munthu wobayidwa pogwiritsa ntchito ulusi wopangidwa ndi matumbo a nyama. Koma kung'amba mimba dala kuti amasule matumbo opotana, popanda mankhwala ogonetsa, popanda opha tizilombo, kunali kosatheka. Munthu wotere ankangomudikira kuti afe. Lero opaleshoni imeneyi imachitika m'zipatala zathu zikuluzikulu, ndipo kupotana kwa matumbo aakulu si kwachilendo kuno, makamaka kwa abambo. Wobwera msanga timamumasula n'kubwerera kwawo. Wobwera atamwa zotsegula m'mimba kwa masiku angapo amafika matumbo atada, atafa, nthawi zina ataphulika, chifukwa mankhwala aja amakankha chimbudzi pa njira yotsekeka. Apo timadula matumbo akufawo, ndipo si onse amene amadzuka. Mimba ikatupa, ikauma gwa, chimbudzi ndi mpweya zikaleka kutuluka, munthu n'kumasanza, musamupatse chakumwa chilichonse. Pezani galimoto usiku womwewo.

Zilonda za m'mimba nazonso sizitsukidwa. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'chifu, ndipo kamafa ndi mankhwala a kuchipatala omwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ibn Sina sakanakaona, analibe makina oonera tizilombo. Chimbudzi chakuda bii chonunkha kwambiri kapena masanzi a magazi ndi chizindikiro chakuti chilonda chikukha magazi, osati kuti nyansi zikutuluka monga ena amauzidwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kum'mero. Ibn Zuhr wa ku Seville, amene anamwalira mu 1162, analemba m'buku lake la al-Taysir za odwala okanika kumeza, ndipo anafotokoza zowadyetsa kudzera mu kapaipi kachitsulo kolowetsa kukhosi. Ankangowonjezera masiku, sankachiritsa. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo imayamba mwakachetechete: nyama imaima pachifuwa, munthu n'kusiya nyama, kenaka nsima, n'kusamukira ku phala, thupi likutha, achibale akuti ndi ndulu yachuluka, amusanzitse. Akamafika kwa ife amakhala akukanika ngakhale madzi, ndipo chomwe timatha ndi kumuika kapaipi koti chakudya chizidutsa, pafupifupi monga ankachitira Ibn Zuhr zaka zoposa 800 zapitazo. Ngati bambo kapena mayi anu ayamba kutsitsira nsima ndi madzi pa mbamu iliyonse chifukwa ikuima pachifuwa, apititseni sabata yomweyo, ndipo mukapemphe kuti awatumize kumene angawaunike kum'mero ndi kamera.