Mabuku a John Dee anabedwa ndi anthu omudziwa

Kwa zaka zambiri nkhani imene imafala inali yakuti gulu la anthu olusa linathyola nyumba ya John Dee ku Mortlake, pafupi ndi London, n'kuwononga mabuku ake chifukwa ankamuyesa mfiti. Nkhaniyi imakoma m'makutu poti Dee, katswiri wa masamu ndi nyenyezi amene ankalangiza Mfumukazi Elizabeth I, ankayesadi kulankhula ndi angelo. Koma umboni ukuloza kwina.

Mu 1583, asanapite ku Poland ndi Edward Kelley, amene ankamuthandiza poyesa kulankhula ndi angelo, Dee analembetsa mndandanda wa mabuku ake. Iye mwini ankati analipo pafupifupi 4,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi linali lolembedwa pamanja. Munali a masamu, a zamankhwala, a maulendo apanyanja, a mbiri yakale, ena m'Chigiriki ndi m'Chiheberi; a zamizimu anali kagawo chabe. Anawasiya m'manja mwa mlamu wake, Nicholas Fromond. Atabwerera mu 1589 anapeza ambiri atasowa.

Julian Roberts ndi Andrew Watson, amene anasindikiza mndandandawo mu 1990, anasonyeza kuti mabukuwo anatengedwa ndi anthu odziwa mtengo wake, ena ophunzira ake omwe. Mmodzi mwa anthuwa, Nicholas Saunder, ankafufuta dzina la Dee n'kulembapo lake, ngakhale sanachite mwaluso, chifukwa m'mabuku ena dzinalo likuonekabe. Munthu wokwiya ndi ufiti sangavutike chonchi. Mabuku oposa 100 mwa obedwawa lero akusungidwa ku Royal College of Physicians, bungwe la madokotala ku London, ndipo ambiri ali ndi zolemba za Dee m'mphepete mwa masamba.