Chifukwa chake ku America ana aulumali amalemba nawo mayeso

Ku America chigawo chilichonse, kaya ndi Texas kaya Ohio, chili ndi mayeso akeake omwe ana a m'sukulu za boma amalemba chaka ndi chaka. Amayesedwa kuwerenga ndi masamu kuyambira giredi 3 mpaka 8, kenako kamodzi ku sekondale. Tisawasokoneze ndi a MANEB. A Sitandade 8 kuno amasankha mwana wopita ku sekondale, pomwe awa amapima sukulu, kuti boma ndi makolo adziwe ngati ana akuphunziradi.

Vuto limayambira pomwepo. Mphunzitsi wamkulu aliyense amawadziwa ana omwe angatsitse zotsatira za sukulu yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a bungwe la National Center on Educational Outcomes, pa yunivesite ya Minnesota, anapeza kuti ana aulumali ambiri sankalemba nawo mayesowa. Ena ankangouzidwa kuti tsikulo akhale kunyumba. Aphunzitsi ankati akuwamvera chisoni, ndipo ena ankanenadi kuchokera pansi pa mtima. Koma mwana yemwe dzina lake silituluka pa zotsatira, palibe amabwera kudzafunsa ngati akudziwa kuwerenga. Atha kukhala m'kalasi zaka zisanu akungopenta zithunzi, sukulu n'kumayamikiridwabe.

Mu 1997 lamulo la maphunziro a ana aulumali lotchedwa IDEA linakonzedwanso, n'kulamula kuti anawa azilemba nawo. Lina lomwe pulezidenti George W. Bush anasainira mu 2002 linawonjezera kuti ana 95 mwa 100 aliwonse alembe, komanso kuti zotsatira za ana aulumali zizionetsedwa pazokha, zisabisale m'chigulu.

Kulemba nawo sikutanthauza kumupatsa mwana wosaona pepala wamba n'kumuuza kuti ayambe. Mwana aliyense wothandizidwa pansi pa IDEA amakhala ndi ndondomeko yake ya maphunziro, ya IEP, yomwe aphunzitsi ndi makolo amagwirizana, ndipo mmenemo amalembamo thandizo lomwe adzalandire: pepala la Braille, zilembo zikuluzikulu, womasulira chinenero chamanja, womulembera mayankho, chipinda chopanda phokoso, nthawi yowonjezera. Ena amati nthawi yowonjezerayo n'kukondera. Ayese kaye kufufuza chithunzi cha masamu ndi nsonga za zala, mzere umodziumodzi, pomwe mnzawo wachiona chonse m'kuphethira kwa diso.

Pamene pamatizunguza mutu ife a zamaphunziro ndi malire a thandizolo. Kumuwerengera mwana funso la masamu palibe cholakwika, poti chomwe tikuyesa ndi masamu. Nanga kumuwerengera ndime pa mayeso a kuwerenga? Ngati tikufuna kudziwa ngati amatha kuphatikiza zilembo n'kutulutsa mawu, tamuchitira ntchito yomwe timamuyesayo. Ngati tikufuna kudziwa ngati akumva nkhani, mwina sitinalakwe. Zigawo zimasiyana pa mfundoyi. Chomwe ine sindingagonje nacho n'chakuti thandizo la pa mayeso likhale lomwe mwana analizolowera m'kalasi. Kumupatsa kompyuta yolankhula koyamba m'mawa wa mayeso n'kumuwonjezera mtolo.

Palinso ana ochepa omwe ulumali wawo umakhudza kwambiri kaganizidwe, moti ngakhale thandizo lonseli silingakwane. Awa amalemba mayeso apadera, nthawi zambiri atakhala awiriwiri ndi mphunzitsi wawo, mwina poloza chithunzi kapena kuyang'ana yankho lomwe asankha. Lamulo la ESSA la 2015, lomwe linalowa m'malo mwa la 2002 lija, linati olemba mayeso amenewa asapitirire mwana mmodzi mwa 100 aliwonse oyesedwa m'chigawo pa phunziro lililonse. M'chaka cha 2022/23 ana pafupifupi 7.5 miliyoni, kapena 15 mwa 100 a m'sukulu za boma, ankalandira thandizo pansi pa IDEA. Choncho ochuluka zedi amayenera kulemba mayeso omwe anzawo akulemba.

Malirewo ena amawadandaula, ndipo zigawo zingapo zakhala zikupempha boma la ku Washington kuti ziloledwe kupyola. Ine ndimawaona ofunika, chifukwa popanda iwo mayeso apaderawo angasanduke kokankhira mwana aliyense wochedwa kugwira zinthu. Ndipo mwana akaikidwa kumeneko zimatha kumutsekera njira yopezera satifiketi ya ku sekondale yomwe anzake amalandira. N'chifukwa chake lamulolo limati makolo auzidwe zimenezi momveka bwino pomwe ndondomeko ya mwana wawo ikukonzedwa.