Course outline: mafunso ndi mayankho kwa oyamba semesita

Semesita ikamayamba ku Chanco, MUBAS, Bunda, Mzuni, MUST kapena KUHeS, mtima wa wophunzira umakhala pa fizi, malo ogona ndi kulembetsa makosi. M'kati mwa piringupiringu ameneyu, mphunzitsi amagawa kapepala ka masamba awiri kapena atatu kotchedwa course outline. Ambiri amangokapinda n'kukaponya m'chikwama, n'kudzakakumbukira mayeso atafika pakhomo.

Kodi course outline n'chiyani kwenikweni?

Ndi chikalata chofotokoza kosi imodzi kuyambira sabata yoyamba mpaka mayeso omaliza. Mumapezamo dzina ndi nambala ya kosiyo, dzina la mphunzitsi ndi nthawi yomwe amapezeka mu ofesi, zolinga za kosi, mitu yomwe idzaphunzitsidwe, mabuku oyenera kuwerenga, ndiponso kagawidwe ka malikisi. Si thaimutebulo ayi. Thaimutebulo imakuuzani tsiku, ola ndi chipinda, pomwe outline imakuuzani chomwe mukukatenga m'chipindamo komanso momwe adzakuyesereni.

Amalemba ndani? Mphunzitsi amangoikamo za kumtima kwake?

Amalemba ndi mphunzitsi wa kosiyo, koma salemba za m'mutu mwake. Kosi iliyonse ndi gawo la pulogalamu yomwe idakambidwa ku dipatimenti n'kuvomerezedwa ndi Senate, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesiteyo. Pamwamba pa apo pali bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri timangoti NCHE, lomwe limayendera sukulu zaukachenjede za boma ndi zomwe si zaboma n'kuvomereza mapulogalamu awo. Choncho zolinga za kosi ndi mitu ikuluikulu si za munthu mmodzi. Mphunzitsi amasankha zitsanzo, ndondomeko ya mitu, mabuku atsopano ndi mafunso a asayimenti, koma sangachotse theka la kosi chifukwa choti mituyo simusangalatsa.

Ndiyenera kulandira liti, nanga kudzera kuti?

Sabata yoyamba, makamaka pa kalasi yoyamba. Aphunzitsi ena amagawa mapepala, ena amaika pa Moodle kapena Google Classroom, ndipo ambiri masiku ano amatumizira kalasi repu kuti aponye pa gulupu ya WhatsApp. WhatsApp ndi yachangu, koma pakangotha masiku ochepa fayiloyo imamira m'mauthenga a maliro, mpira ndi ogulitsa mandasi. Ikangofika, isungeni pena pomwe simudzavutika kuipeza, ndipo ngati pali kangachepe kasindikizeni. Foni imabedwa, bandulo imatha.

Wophunzira yemwe ali ndi vuto la maso ali ndi chifukwa chomveka chopemphera outline ya zilembo zazikulu, ya braille, kapena fayilo yoti kompyuta ingathe kumuwerengera. Chithunzi chojambulidwa pa foni sichimuthandiza.

Ndiyambe kuwerenga pati?

Pa malikisi. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pomwe a chaka choyamba amapunthwa kwambiri. Kusekondale mudazolowera kuti MSCE imagamula zonse pa mayeso a kumapeto. Kuyunivesite malikisi amayamba kuwunjikana semesita ili mkati: asayimenti, mayeso a pakati pa semesita, ntchito za m'magulu, za mu labu. Makosi ambiri amapereka 40 pa 100 ku ntchito zimenezi ndi 60 ku mayeso omaliza, ena amagawa 50 ndi 50, ndipo makosi a ntchito zamanja amatha kulemeretsa kwambiri mbali ya m'kati mwa semesita.

Tiyerekeze kuti kagawidwe ndi 40 ndi 60, ndipo kuti mukhoze mukufunika 50. Yemwe watolera 30 pa 40 akusowa 20 yokha pa 60, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a mayeso omaliza. Mnzake yemwe adazemba asayimenti imodzi n'kupeza 15 akufunika 35 pa 60, komwe ndi kupitirira 58 pa 100. Anthu awiriwa amalowa m'chipinda chimodzi cha mayeso, koma katundu wawo ndi wosiyana. Sapu (mayeso obwereza kwa omwe alephera kosi) zambiri zimabadwa m'mwezi woyamba, osati tsiku la mayeso.

Onaninso ngati kosiyo ikufuna kuti mukhoze mbali zonse ziwiri pazokha, chilango cha asayimenti yochedwa, ndi zomwe alemba pa nkhani yojomba m'kalasi. Zimenezi zimasiyana yunivesite ndi yunivesite, choncho musadalire zomwe adakuuzani achimwene anu omwe adaphunzira kwina.

Mabuku onse olembedwamo ndigule?

Ayi. Nthawi zambiri pamakhala magulu awiri: mabuku omwe kosi yatsamirapo, ndi ena ongowonjezera. A gulu loyambalo kaafufuzeni ku laibulale sabata yoyamba yomwe, chifukwa buku limodzi limatha kulimbiranidwa ndi kalasi yonse. Funsaninso a ku laibulale za mabuku ndi majenolo a pa intaneti omwe yunivesite idalipira kale.

Kodi mphunzitsi angasinthe zomwe adalemba semesita ili pakati?

Kusintha tsiku la mayeso aang'ono kapena kusinthanitsa mitu iwiri si mlandu. Magetsi amazima, maliro amagwa, kalenda ya yunivesite nayo imasuntha. Chofunika n'chakuti kalasi yonse iuzidwe nthawi ilipo, ndipo ndi bwino zikhale zolembedwa. Koma kusintha kagawidwe ka malikisi anthu atalemba kale ntchito, kapena kufunsa pa mayeso mutu womwe suli mu outline ndipo sudaphunzitsidwe, ndi nkhani ina. Kwa ine outline ndi pangano, ndipo pangano limamanga mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mphunzitsi wanzeru sachedwa kuigawa: wophunzira akadzabwera kudzalira kuti sankadziwa tsiku lopereka asayimenti, pepala lomwelo ndilo limayankha.

Sabata ziwiri zatha, sitidalandire. Titani?

Musayambe ndi kulalata pa Facebook. Kalasi repu apite kwa mphunzitsi mwaulemu: "Adokotala, kalasi ikupempha course outline kuti tiyambe kukonzekera." Kawirikawiri kumakhala kuiwala chabe kapena kuchedwa kwa fotokope. Zikakanika, nkhani ipite kwa mkulu wa dipatimenti, ndipo kwa dean, yemwe amayang'anira madipatimenti angapo, n'komalizira. Outline ya chaka chatha yochokera kwa a chaka chapamwamba ingakuthandizeni podikira, koma musaikhulupirire pa masiku ndi malikisi.

Ndikakhoza kosiyo, nditaye?

Musataye. Transcript, chikalata cha zotsatira zanu zonse, imaonetsa dzina la kosi ndi giredi basi, siifotokoza zomwe mudaphunzira. Mukadzafuna kusamukira ku yunivesite ina n'kupempha kuti makosi ena musabwereze, kapena mukadzafunsira malo a Masters ku South Africa kaya ku Britain, angathe kukufunsani kuti muonetse zomwe zinali mu kosi ya statistics kapena ya kafukufuku yomwe mudachita. Pa nthawiyo mphunzitsi uja angakhale atapuma ntchito, nambala ya kosi itasintha, mwinanso dzina la sukulu lenilenilo: omwe adalowa ku Polytechnic chisanafike chaka cha 2021 adaona sukulu yawo ikusanduka MUBAS. Tsegulani foda imodzi pa imelo kapena pa Google Drive, muziponyamo outline iliyonse tsiku lomwe mwailandira.