Deti la kubwera kwa Yesu palibe amene anapatsidwa

Funso lakuti "Abusa, kodi izi si zizindikiro zoti dziko likutha?" landikwana. Linabwera nthawi ya katemera wa COVID-19, anthu akuti ndiye chizindikiro cha chilombo, 666 ija. Linabweranso namondwe wa Freddy atasesa Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023. Kufunsa si kulakwa ayi. Chimandipweteka n'chakuti ofunsawo amakhala atamva kale kwa mneneri wina pa WhatsApp, yemwe watchula mwezi ndi tsiku.

Tsegulani Mateyu 24:36. Yesu akuti tsikulo ngakhale angelo salidziwa, Mwananso salidziwa, koma Atate okha. Ndiye mneneri wanuyo anauzidwa ndi ndani? Nkhondo, njala ndi zivomerezi zimene mumakonda kuwerengazo, m'chaputala chomwecho akuti ndi chiyambi chabe cha zowawa.

Matenda owerengera madetiwa ndi akale. Otsatira mlaliki William Miller ku America anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 October 1844, ena atasiya mbewu m'minda osakolola, koma kunacha bwinobwino. Mlaliki wina wa ku America, Harold Camping, analengeza pa wailesi kuti tsiku lachiweruzo ndi 21 May 2011, zitalephereka n'kusunthira ku October. Kwathu konkuno Elliot Kamwana anabatiza anthu masauzande ku Nkhata Bay cha m'ma 1908 ndi 1909, akulalikira kuti zonse zisintha mu 1914. Onsewa ankawerenga Baibulo mwakhama, ndipo onse anaphonya.

Zikanathera pa manyazi bwenzi ndili chete. Koma ku Kanungu ku Uganda, pa 17 March 2000, anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi atsogoleri awo atalephera pa ulosi wa kutha kwa dziko. M'nkhalango ya Shakahola ku Kenya, kuyambira 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu. Ana analipo ambiri.

Ine yondisowetsa tulo ndi ya mayi wina wa mvano, munthu wodziwa kuimba, amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa ndi mneneri wina ku mapemphero a kuphiri kuti mkwatulo wayandikira ndipo mankhwala ndi umboni wa kusakhulupirira. Mwana wake wa Sitandade 8 anamuletsa sukulu, mbuzi n'kugulitsa kuti akafese mbewu kwa mneneriyo. Abale anadzatiuza mochedwa, poti ankaopa kulimbana ndi "munthu wa Mulungu". Pomwe tinkamupeza anali atagona pamphasa, mabotolo a mankhwala ali osatsegula m'chikwama pamodzi ndi buku la nyimbo. Tinaika maliro. Mneneri uja mpaka lero akulalikira.

Kukhala okonzeka kumene Yesu ananena n'kwina. Kapolo wodala pa Mateyu 24:46 ndi uja mbuye wake adzamupeza akugawira anzake chakudya pa nthawi yake. Paulo atamva kuti ku Tesalonika ena asiya ntchito, anawalembera mosapsatira kuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Choncho limani, lipirani fizi, bwezani ngongole ija, kapepeseni kwa m'bale wanu amene simulankhulana naye, ndipo pempherani.

Wachibale wanu akayamba kunena zosiya mankhwala, kugulitsa munda kapena kusamukira kumsasa wa mapemphero ndi ana, musati tione kaye. Sabata yomweyo auzeni abusa kapena akulu a mpingo, pitani naye kuchipatala, ndipo ngati pali ana amene akumanidwa chakudya, kaneneni kupolisi.