Ndakatulo za mpikisano ku Brno ndi ku Berlin: mbewu imodzi, zokolola zosiyana

Mkangano woti slam, mpikisano wolakatula ndakatulo pamaso pa anthu, ndi ndakatulo zenizeni kapena ndi nthabwala za pa siteji sunathe ku Germany, ngakhale kuti mu 2016 mwambowu udalembedwa pa mndandanda wa dzikolo wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Ku Czech nako amakangana zomwezo, koma nkhani yawo idayamba mwina.

Gwero ndi limodzi: mlakatuli Marc Smith wa ku Chicago, ku America. Ena amawerengera chiyambi cha slam kuchokera mu 1984, ena mu 1986 pamene Smith adakhazikika ku bala ya Green Mill. Ine ndimatsamira ku 1986, chifukwa m'pamene mpikisano udayamba kuchitika sabata ndi sabata.

Ajeremani adayambira pansi, m'mabala. Wolf Hogekamp ankasonkhanitsa alakatuli ku Ex'n'Pop ku Berlin m'ma 1990, ndipo pofika 1997, pamene Bas Böttcher adapambana mpikisano woyamba wa olankhula Chijeremani, mizinda ingapo inali kale ndi mabwalo ake. Austria ndi Switzerland adalowa m'khola lomwelo. Mlakatuli ankatha kukwera sitima, lero Hamburg, mawa Zürich, osasintha chilankhulo. Kanema wa mlakatuli Julia Engelmann wojambulidwa ku Bielefeld atafala pa intaneti mu 2014, njira inali italambulidwa kalekale.

Ku Czech zidayambira pamwamba, ndipo apa m'pomwe pagona nkhani. Mu 2003 Martin Reiner, wofalitsa mabuku wa kampani ya Petrov ku Brno, adakonza mpikisano wa dziko lonse mabwalo ang'onoang'ono asanamere. Adapambana ndi Marian Palla, bambo wazaka makumi asanu, wodziwika kale ndi zolemba zoseketsa. Denga lidakwera mizati isanazikidwe. Moto wake udatsala pang'ono kuzilala mpaka Tomáš Kůs ndi anzake atauyatsanso ku Plzeň, mzinda womwe udatulutsa Anatol Svahilec, yemwe adapambana mpikisano wa dziko lonse mu 2014.

Kusiyanako kumaonekera pa siteji. Mjeremani amaima ndi pepala m'manja kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo. Wa ku Czech amapatsidwa zitatu, ndipo kawirikawiri amalakatula za pamtima. Bohdan Bláhovec adatchuka ndi kupeka pomwepo anthu akuona.

Amene amati a ku Czech adatsalira amayang'ana kukula kwa maholo. Amaiwala kuti Chicheki chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo mlakatuli akangodutsa malire chakumadzulo kwa Plzeň, mawu ake onse oseweretsa chilankhulo amatsala kumbuyo.