Musanathire simenti pa nyumba yakale

Munthu akagula nyumba yakale yosiyidwa kuti atsegulemo malo odyera ndi ochitirako maukwati, kawirikawiri amayamba n'kuitanitsa matumba a simenti. Ife ojambula mapulani a nyumba timamuletsa, ndipo ambiri amadabwa.

Nyumba zambiri za nthawi ya atsamunda ku Blantyre ndi ku Zomba zinamangidwa ndi njerwa zofewa, zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu. Khoma lotere limamwa madzi m'dzinja, n'kuwatulutsa dzuwa likawomba. Mukalimata pulasitala wa simenti n'kupaka penti wa mafuta, chinyezi chimasowa potulukira, ndiye chimakwera m'kati mwa khoma, njerwa n'kumafumbutuka. Gogodani khomalo ndi chala. Likamveka phwaphwa, pulasitala analekana kale ndi njerwa, ndipo mukamatula mupeza fumbi lofiira lonyowa. Kukonza kwake ndi kuchotsa simentiyo, kulisiya khoma liume, kenako kumata ndi laimu wosakaniza ndi mchenga. Laimu amachedwa kugwira, ndipo amisiri omudziwa ndi osowa masiku ano, koma khoma limapuma.

Izi zisanachitike, yambani ndi denga. Malata odontha ndi mitengo yodyedwa ndi chiswe zimawononga zonse zimene mwakonza pansi. Ngalande zozungulira nyumba nazonso muzifukule.

Mkangano waukulu ndi eni nyumba umabuka pa khitchini. Iwo amafuna ikhale m'kati, pafupi ndi matebulo. Koma khitchini ya lesitilanti ndi nthunzi tsiku lonse, mafuta, moto wa gasi ndi mapaipi oboola makoma. Ine ndimalangiza kumanga khitchini ndi zimbudzi kuseri, m'kanyumba katsopano kolumikizidwa ndi kanjira kofoleredwa. Jenereta nayo ikhale patali, chifukwa kunjenjemera kwake kumakulitsa ming'alu.

Za maukwati mpofunikanso kusamala. Matabwa a chipinda cham'mwamba anaikidwira banja limodzi ndi mipando yake, osati khamu la anthu ovina pa perekaniperekani. Injiniya ayeze kaye mphamvu ya mitandayo, apo ayi tenti ikhomedwe pabwalo. Zitseko zothawira moto zikhale zingapo, zotsegukira kunja. Zitseko zakale zambiri zimatsegukira m'kati.

Amene akufuna kuona ndi maso apite ku Mandala House ku Blantyre, nyumba yosanja imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882. M'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko la Malawi, pansi pali malo ogulitsa zojambulajambula ndi omwerapo khofi, ndipo alendo ambiri amakhala pakhonde ndi pakapinga. Bizinesi yake ndi yopepuka, yolingana ndi mphamvu za nyumbayo. Anthu amapitako chifukwa cha khonde lalitalilo ndi makoma ochindikalawo, zinthu zomwe eni nyumba ena amafulumira kuzibisa ndi matailosi ndi mawindo a aluminiyamu.

Palinso lamulo la Monuments and Relics Act. Ngati nyumba inalembedwa m'kaundula wa zipilala za dziko, simungagwetse kapena kusintha mbali yake popanda chilolezo cha boma, ndipo nthambi yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala ndiyo yoyenera kuifunsa musanalipire ndalama zogulira nyumbayo. Khonsolo ya mzinda iyeneranso kuvomereza kuti nyumba yogonamo isanduke ya malonda. Pa bajeti patulani ndalama ya zobisika, popeza kuwola kwa mitanda ndi ming'alu ya m'maziko zimaoneka pokhapokha siling'i ndi pulasitala zikachotsedwa.